Dambo Likauma, Moto Uzimira Kuti?

Aliyense amene anaonapo moto wolusa m'mwezi wa Okutobala amadziwa kumene umathera. Umayambira kumtunda, mwina kwa anyamata osaka mbewa, n'kumanyambita tchire lonse, kulumpha njira, kuwaula mitengo, anthu akuuthamangira ndi nthambi zaziwisi koma osautha. Ukatsikira kudambo liwiro lake limachepa. Udzu wa kumeneko ndi wauwisi, nthaka ndi yachinyontho, ndipo malawi aja amafupika mpaka kungotsala utsi. Makolo ataona zimenezi anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndi mwambi umene timaukonda chifukwa timauona ukuchitika: mkangano wa malire a munda, ukwati umene wafika pa "tenga katundu wako", mnyamata amene wapsa mtima mpaka kunyamula chikwanje, zonsezi zimakazizira pakhonde pa agogo. Koma mwambiwu unabadwa masana, pabwalo, anthu akuonana nkhope. Sunanene kanthu za usiku umene agogo omwewo adzadzuke 2 koloko akukuwa kuti m'nyumba mwalowa anthu, akunjenjemera, osamuzindikira mwana amene anabereka okha. Pamenepo moto wabuka m'dambo mwenimwenimo, ndipo funso limene mwambi unatisiyira ndi lakuti: uzimira kuti?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti dambo limauma, ndipo kuuma kwake kuli ndi dzina. Pamudzi timangoti "ndi ukalamba," kapena "abwerera ku umwana," ngati kuti aliyense wa imvi ayenera kudutsa momwemo. Sizili choncho. Pali nkhalamba zambiri zimene zimafika zaka 90 zikukumbukira malire a munda uliwonse ndi mzere wonse wa mbumba. Chimene chimachititsa munthu kuiwala kuti wadya, kusochera panjira ya kuchigayo imene wayenda moyo wake wonse, ndi kuitana mdzukulu ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kale, ndi matenda a ubongo amene achipatala amawatcha dementia. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, amene anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51 zokha. Mayiyo ankakoka zofunda zake uku ndi uku, ankakhulupirira kuti pali ofuna kumupha, ndipo ankakuwa kwa maola ambiri. Atamwalira, dokotalayo anayeza ubongo wake n'kupeza kuti unali utafota ndi kuwonongeka. Zimene banja la ku Dedza kapena ku Chipata likuona usiku uno zinalembedwa zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo gwero lake linapezeka m'mutu mwa wodwalayo, osati kwa mnansi wake.

Nanga n'chifukwa chiyani moto umenewu umakonda usiku? Mkati mwa ubongo muli kachigawo kamene kamagwira ntchito ngati wotchi, kouza thupi kuti kwacha kapena kwada. Matendawa amawononganso wotchiyo, choncho wodwala amawodzera masana, tulo ta usiku n'kukhala toduladula, ndipo ambiri amayamba kusakhazikika chisisira chikangogwa. Komanso masana dziko limathandiza munthu kukumbukira: dzuwa limamuuza nthawi, utsi wa kukhitchini umamuuza kuti ali pakhomo, phokoso la ana akusewera limamuuza kuti ali pakati pa abale. Usiku zikumbutso zonsezi zimachoka, n'kutsala maso a ng'ala ndi makutu osamva bwino. Jekete lopachikidwa pamsomali limasanduka munthu woima chilili, neti ya udzudzu imasanduka ukonde womukola, khoswe woyenda padenga amasanduka akuba. Munthu wabwinobwino akalota akuthamangitsidwa amadzidzimuka mtima ukugunda, kenaka n'kunena kuti, "Kani ndimalota." Mawu awiriwo ndi mlatho, ndipo mizati yake ndi kukumbukira: ndili pati, ndi chaka chanji, wagona pafupiyu ndani. Kwa wodwala dementia mlathowo unakokoloka. Maso amatsegula, koma malotowo amapitirira m'chipinda momwemo. Pa mtundu wina wa matendawa, wotchedwa Lewy body, zimaposa pamenepa. Thupi, limene mwachibadwa limakhala lolefuka munthu akamalota, limamasuka, wodwala n'kumaponya zibakera ndi mateche ali m'tulo. Ndipo ali maso amaona ana, alendo kapena nyama zimene ena sakuziona. Sakunama, sakuchitanso dala. Akunena zimene ubongo wake wamuonetsa.

Pali chinthu china chimene alimi amachidziwa chokhudza dambo: likauma limayaka kuposa kumtunda, chifukwa udzu wake ndi wautali ndi wothithikana. Chimene chinkalipatsa ulemerero ndicho chimasanduka nkhuni. N'chimodzimodzi ndi munthu wamkulu. Matendawa amayamba kufafaniza za dzulo ndi dzana, koma za kale amazisiya kwa nthawi yaitali, ndipo za kalezo n'zimene zimayaka usiku. Bambo amene anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata akhoza kudzuka tambala asanalire, n'kumafunafuna nsapato, akuti achedwa kulowa mumgodi. Mayi amene anaona njala ya 1949 ali kamtsikana akhoza kubisa mikute pansi pa mphasa ndi kulira kuti ana agona ndi njala, chikhalirecho anawo ali ndi zidzukulu zawo. Amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992 akhoza kumva bingu n'kulowa pansi pa bedi. Timati akubwebweta, koma tikatchera khutu mawuwo ali ndi mutu: ndi mawu a munthu woopa kuchotsedwa ntchito, woopa kuti ana afa, woopa kuphedwa. Chaka n'cholakwika, malo ngolakwika, koma manthawo ngoona, ndipo kawirikawiri ndi mantha a munthu amene akuyesabe kusamala banja lake. Ngakhale m'kati mwa chisokonezo agogo akuyesa kukhala dambo, kungoti akulimbana ndi moto umene unazima kalekale.

Apa m'pamene mwambiwu, ngakhale sunanene za usiku wotere, umatipatsa nzeru yoyamba, ndipo nzeruyo ili m'kazimitsidwe. Dambo silimenya moto. Omenya moto ndi anthu a nthambi aja, ndipo nthawi zina mphepo ya nthambizo imangoukolezera. Ifenso tikadzutsidwa pakati pa usiku timathamangira nthambi: "Agogo, tagonani, mulibe munthu muno!" kapena "Amayi anuwo anamwalira kalekale, mwaiwala?" Kwa ife ndi kukonza cholakwa, kwa iwo ndi uthenga wa maliro umene akuumva koyamba, ndipo mawa adzaumvanso koyamba. Njira ya dambo ndi ina. Munthu amayatsa nyali kaye kuti nkhope yake ioneke, n'kufika chakutsogolo, n'kukhala pansi kuti asaoneke ngati chimphona chowaweramira. Amalankhula motsitsa, mawu ochepa: "Amayi, ndine mwana wanu. Ndabwera. Mwaopa eti?" Akati pakona paima munthu, sayamba kutsutsa, amapita pakonapo, kuchotsa jekete lija, n'kunena kuti, "Ndayang'ana, chitseko n'chotseka, ndikhala nanu pompano." Amafunsa ngati akufuna kukataya madzi, amawapatsa akumwa, amawagwira dzanja ngati alola, mwina n'kuyamba chapansipansi nyimbo ya kumpingo imene ankaimba ali mtsikana, pakuti nyimbo zimakhalitsa m'mutu mayina atatha kale. Ngati akuphiriphitha ali m'tulo, sawagwedeza. Amachotsa zimene zingawapweteke n'kumawaitana ali chapatali. Wodwalayu amaiwala msanga zimene wauzidwa, koma zimene wamva mumtima zimatsala. Akakalipiridwa, mantha amakhalabe chifukwa chake chitaiwalika. Akatonthozedwa, mtendere nawo umagona naye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina anganene kuti kumeneku n'kunamiza kholo, ndipo mwana woleredwa bwino sanamiza amene anamubereka. Nkhawa imeneyi siyochepa, pakuti banja lozolowera kunamiza wodwala limafika pomuyesa chidole, kumamunena ali pomwepo ngati palibe, kugulitsa mbuzi zake n'kumati sadziwa kanthu. Koma pakati pa kutsutsa ndi kunama pali njira yotakata. Agogo akafunsa kuti, "Amayi anga ali kuti?" sipafunika kunena kuti apita kumsika, sipafunikanso kuwakumbutsa manda. Munthu angayankhe kuti, "Mwawasowa eti? Tandiuzani, ankaphika bwanji chigumu?" Yankho limeneli lilibe bodza, ndipo lafika pamene funso linachokera, pakuti wofuna mayi ake pakati pa usiku akufuna chitetezo chimene mayiwo ankapereka. Bambo wokakamira za kumgodi angauzidwe zoona zokhazokha: "Kunja kudakali mdima, Bambo. Tiyeni timwe kaye madzi, tidikire kuche." Choonadi chili ndi ntchito yake, yothandiza munthu kuyenda bwino m'dziko. Chikanenedwa kwa munthu amene sangachisunge ngakhale mphindi 5, n'kumusiyira chisoni chokhachokha, amene wapepukidwa ndi wonenayo, womvayo n'kutsala ndi katundu. Choncho asanatsegule pakamwa, mwana adzifunse ngati mawu akewo akuteteza kholo kapena akungodziteteza yekha.

Komabe mwambiwu uli ndi malire amene tiyenera kuwaona, chifukwa dambo limangodikira. Silikwera kumtunda kukafunsa amene wayatsa. Banja likangophunzira kudekha basi, likhoza kutonthoza usiku ndi usiku munthu amene akufunika chipatala mawa lomwe. Dementia imayenda pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Ngati agogo amene sabata yatha ankagona bwino asokonezeka mwadzidzidzi m'masiku awiri kapena atatu, akuwodzera modabwitsa kapena akulusa mosazolowereka, kawirikawiri pali china chimene chalowa m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga wotsika kapena wokwera, dzino lobooka, chilonda chimene sakutha kuchitchula. Achipatala amatcha chisokonezo chadzidzidzichi delirium. Gwero lake likapezeka msanga nthawi zambiri limachizika, koma likanyalanyazidwa likhoza kutenga moyo. Mankhwala nawo amayatsa moto: donepezil, amene amaperekedwa kwa ena odwala Alzheimer, amadziwika kuti amabweretsa maloto oopsa, ndipo dokotala akauzidwa nthawi zina amangosintha kuti azimwedwa m'mawa. Ndiponso usiku wabwino umakonzedwa masana. Agogo amene aothera dzuwa la m'mawa, ayenda pang'ono, asenda mtedza kapena asankha nyemba, sanagone masana onse, sanamwe tiyi wamasamba kapena mowa madzulo, ndipo agona pa nthawi yomweyomweyo pamalo omwewo, amakhala ndi mwayi wa tulo. Kakope kolembamo nthawi imene anadzuka, zimene anadya ndi mankhwala amene anamwa kamaonetsa m'masabata awiri zimene kudekha kokha sikungaonetse.

Ena amati njira yachidule ilipo: kugula mapiritsi ogonetsa, kuwakhomera m'chipinda ndi loko, kapenanso kuwamanga pabedi ndi chitenje. Ambiri mwa onena zimenezi ndi anthu otopa, ndipo kutopa kwawo n'komveka. Koma moto wokwiriridwa ndi phulusa sunazime. Mankhwala onga diazepam, ngakhalenso Piriton amene ena amamwetsa kuti munthu agone, amawonjezera chisokonezo mwa okalamba ndi kuwayendetsa dzandidzandi, ndipo nkhalamba ikagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri siyendanso ngati kale. Mankhwala a misala onga haloperidol akhoza kuvulaza koopsa munthu wodwala mtundu wa Lewy body, n'chifukwa chake woyenera kuwapereka ndi dokotala yekha amene wamuona wodwalayo. Kumanga nako kumatsimikizira wodwala chimene amachiopa, kuti wagwidwa ndi adani. Chimene chimathandiza n'kulambula malo kuti moto usowe chogwira, monga mmene timalambulira kuzungulira nkhokwe. Kanyali ka sola kaziyaka usiku wonse m'malo mwa kandulo kapena koloboyi. Mbaula izituluka panja. Chidebe chizikhala pafupi kuti asamafufuze chimbudzi mumdima. Galasi lodziyang'anira, limene usiku limaonetsa mlendo, liziphimbidwa. Zikwanje, machesi ndi mankhwala a mbewu zizisungidwa kutali. Matiresi atsike pansi ngati amagwa pabedi. Ndipo pachitseko pamangidwe chitini cha timiyala choti chidzutse wogona nawo. Zonsezi n'zotsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa kuchipatala ndi mwendo wothyoka.

Malire oopsa kwambiri a mwambiwu ali kunja kwa nyumba. Pakamwa pomwepo pamene timati akuluakulu ndi m'dambo, m'pamenenso pamatuluka mawu akuti nkhalamba ndi mfiti. Taganizani mmene matendawa amaonekera kwa munthu wosawadziwa: mayi wokalamba wapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, wavula chifukwa anamva kutentha kapena anadzinyowetsa, akutchula mayina a anthu akufa, sakudziwa mmene wafikira pamenepo. Khamu likamuzungulira n'kumufunsa kuti, "Mwagwa pandege eti?" iye, wamantha ndi wosokonezeka, akhoza kuvomera chilichonse. Zizindikiro za matenda zimasanduka umboni, ndipo kuvomera kwa wodwala kumasanduka chigamulo. Tikudziwa kumene maganizo oterewa amathera: mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma lamulo limafika kutacha pamene khamu limasonkhana kusanache. Choncho banja lisabise matendawa chifukwa cha manyazi. Likauze amfumu, abusa kapena shehe, ndi anansi onse kuti, "Agogo athu akudwala matenda oiwala, kuchipatala anatsimikiza; mukawaona usiku, abwezeni kunyumba mwaulemu." Wokhulupirira kuti maloto ali ndi tanthauzo sakuletsedwa kupemphera, pakuti pemphero lofatsa limatonthoza. Choyenera kukanidwa ndi mapemphero okuwa ozungulira wodwala ndi kufunafuna wolodza, chifukwa zimenezo ndi nthambi zina zokolezera moto.

Tsono ngati ana ndiwo ayenera kukhala dambo, tifunse kumene dambo limatenga madzi. Silipanga lokha. Mvula imagwa kumtunda, imalowa pansi, n'kumatsetserekera kudambo pang'onopang'ono miyezi yonse ya chilimwe. Kumtunda kukaguga, dambo nalo limavutika. Kudekha kwa wosamala wodwala n'chimodzimodzi: kumachokera ku tulo, ku chakudya, ku mawu a abale. Bungwe la WHO limati maola 70 mwa 100 alionse osamalira odwala dementia amagwiridwa ndi amayi, ndipo pamudzi timamudziwa mayi ameneyo: mwana wamkazi amene ukwati unatha, mpongozi, kapena mdzukulu amene m'mawa akuyenera kukhala m'kalasi. Munthu amene wadzuka katatu usiku uliwonse kwa miyezi 6 adzakalipa, akakalipa adzadziimba mlandu, ndipo abale obwera pa Khirisimasi adzamudzudzula kuti alibe chifundo. Kumuuza munthu wotere kuti adekhe popanda kumulandira ntchito n'kulamula chitsime chouma kuti chitumphuke. Mutu umodzi susenza denga, ndipo usiku ndi denga lolemera. Pakhale kusinthana kodziwika: wakuti Lolemba ndi Lachiwiri, wakuti Lachitatu ndi Lachinayi. A m'tauni ndi a ku Joni azitumiza ndalama pafoni, inde, koma adziwe kuti ndalama siidzuka 2 koloko. Igule nyali, ilipire wothandiza, ndipo eni akewo akabwera agone m'chipindamo kuti mlongo wawo apeze tulo ta usiku wathunthu. Magulu a amayi a kumpingo amene amadziwa kuchezera pamaliro angathenso kuchezera munthu akadali moyo. Ndipo thandizo la akatswiri lilipo, kuyambira ku zipatala za m'maboma mpaka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Latsala funso lopweteka: kodi munthu amene sakuzindikiranso ana ake akadali wamkulu monga mwambiwu unanenera? Tikati ukulu ndi nzeru zoweruzira milandu basi, ndiye kuti matendawa amauchotsa, ndipo mawu aja akuti "abwerera ku umwana" amakhala chilolezo chowakalipira, kuwaseka ndi kuwatchula kuti "iwe". Koma mwana sanalimepo munda umene tikudyawu, sanaikepo maliro a mwamuna wake, sanachezerepo usiku nafe pamene tinkatentha thupi ndi chikuku. Dambo louma silisanduka chulu. Likadali pamalo pake, ndipo madimba onse ozungulira anakhalapo chifukwa cha ilo. Ulemu umene timapereka kwa agogo ndi ngongole ya ntchito imene anagwira kale, ndipo ngongoleyo siitha chifukwa choti mwini wake waiwala. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ngati kuchepa mwendo sikuchotsa umayi, kuchepa kukumbukira nako sikungauchotse. Komanso pali phunziro limene agogo akuperekabe osadziwa: adzukulu amene akumva mmene mayi awo akulankhulira ndi agogo usiku akuphunzira mmene adzalankhulire ndi mayi awowo zaka 30 zikubwerazi.

Choncho mwambiwu ndi woona, koma ukunena za ntchito kuposa za imvi, ndipo ntchito imasiyiridwa. Amene anazimitsa moto wathu kwa zaka 50 afika pofuna kumene wawo ungazimire, ndipo popeza matendawa alibe mankhwala ochiziratu, usiku wotere udzabwera kambirimbiri. Inu amene muli ndi makolo otere pakhomo, apititseni kuchipatala akayezedwe, uzani amfumu ndi anansi asanasochere, gawanani usiku pa mbumba yonse, ndipo akakuwa mumdima musathamangire nthambi. Yatsani nyali, khalani pansi, tchulani dzina lanu, n'kuwauza kuti mwabwera. Inu amene zimenezi sizinakufikeni, kalandireni mnansi wanu usiku umodzi kuti naye agone. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.